Azakhali anga sanamwalire, anangokomoka

Mlongo wina wandilembera kufunsa tanthauzo la "pass out". Akuti mchimwene wake akupanga "pass out" ku MAFCO, sukulu ya usilikali ya ku Salima, koma dikishonale ikuti mawuwa ndi kukomoka.

Mlongo wanga, mwanditosa pachilonda. Ndili ku Johannesburg, ndikugwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndinalandira foni yoti azakhali agwa m'tchalitchi kumudzi. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo ali pa kusala kudya. Amayi anzawo anawathira madzi, kuwakupiza ndi chitenje, mpaka anatsitsimuka. Ine mtima uli m'mwamba ndinathamangira kwa abwana: "My aunt has passed away." Anandigwira paphewa, kundiuza kuti ndikhale pansi. Pofika masana anzanga anali atasonkha chipepeso mu envulopu. Ine n'kumadabwa kuti koma anthu akuno ndi achifundo, kukomoka chabe mpaka kusonkherana? Madzulo "malemuwo" anandiimbira okha, akudandaula kuti nsapato yawo imodzi yasowa. Manyazi amene ndinabweza nawo envulopu ija, musandifunse.

Mlandu ndimaupereka kwa kaphunzitsidwe kathu. Ankatilembera mawu oterewa mndandanda pabolodi, ife kuloweza ngati mathebulo, mayeso akatha zonse n'kuuluka. Palibe anatiuza kuti kamawu kakumapetoko, "out" kapena "away", ndi kamene kanyamula nkhani yonse. Chikhalirecho ife timachita zomwezo: kugwa, kugwera, kugwetsa. Mwana wa zaka zinayi sasokoneza zimenezi. Ndiye amene amaseka mnzawo akaphonya chizungu amanditopetsa, chifukwa iwo omwewo Chichewa amachilemba mothyokathyoka pa Facebook, osachita nazo manyazi.

Tsono yankho lanu

"Pass out" ndi kukomoka, kaya ndi kutentha, njala kapena mowa. Ndi kumalizanso maphunziro a usilikali kapena upolisi, n'chifukwa chake pamakhala "passing out parade", mwambo umene tinatengera ku Britain, kumene asilikali a pa sukulu ya usilikali ya Sandhurst amauchitabe. Ku America amanenanso choncho pogawa zinthu, monga mapepala m'kalasi. "Pass away" ndiye kumwalira.

Pitani ku Salimako mukaimbe nthungululu. Mutengenso madzi akumwa, chifukwa ndi dzuwa la kunyanja lija, mukhoza kupanga "pass out" winayu.