Kodi mapu angasonyeze kumene chimfine cha mbalame chingabukire?

FUNSO: Ndimaweta nkhuku ndi abakha pafupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo ndamva kuti akatswiri amajambula mapu osonyeza madera amene ali pa chiopsezo cha chimfine cha mbalame. Kodi amadziwa bwanji, popeza mbalame za m'tchire zimauluka kulikonse kumene zafuna? Mlimi, Zomba.

YANKHO: Mbalame zimene zimanyamula kwambiri kachilombo koyambitsa matendawa ndi za m'madzi, monga abakha a m'tchire ndi atsekwe, ndipo sizitera paliponse. Zambiri zimadzera njira zomwezo chaka ndi chaka n'kumapuma pa nyanja ndi madambo omwewo, kumene zitosi zake zimasiya kachilombo m'madzi, ngakhale pamene mbalamezo sizikuoneka zodwala. Choncho akatswiri amaika pa mapu malo otere, kenako amawonjezapo kuchuluka kwa nkhuku ndi abakha oweta, misika ya nkhuku zamoyo, misewu imene malonda amadutsa, ndi madera amene matendawa anabukapo kale. Pamene zonsezi zakumana, m'pamene amati chiopsezo n'chachikulu.

Zimene zinachitika ku Uganda mu January 2017 zimasonyeza chifukwa chake nyanja zimayang'aniridwa kwambiri: mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa H5N8 unapha mbalame za m'tchire m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, ndipo unapezekanso mu abakha ndi nkhuku za m'midzi. Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika a pangano la Ramsar (pangano la mayiko loteteza madambo) mu 1996, imasonkhanitsa mbalame za m'madzi zochuluka, ndipo anthu ena kumeneko amazisaka n'kumazigulitsa. Kwa ine, zimenezi n'zokwanira kuti dera lanu lisamanyalanyazidwe.

Komabe kungakhale kulakwitsa kuloza chala mbalame za m'tchire zokha, chifukwa kachilomboka kamayendanso pa nsapato, matayala a galimoto, mabasiketi ndi nkhuku zogula kutali. Mu 2023 matendawa atakula ku South Africa, nkhuku mamiliyoni zinaphedwa ndipo mazira anasowa m'masitolo; mu October chaka chomwecho anapezekanso ku Morrumbene, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, pa famu ya nkhuku zoikira mazira.

Mapuwa salosera tsiku limene mliri udzafike. Ntchito yake ndi kuthandiza madokotala a ziweto, amene ndi ochepa ndiponso alibe ndalama zoyezera mudzi uliwonse, kusankha kumene ayambe kuyeza. Mapuwa amakhala olondola pokhapokha alimi akamanena zimene aona, ndipo apa m'pamene pamandidetsa nkhawa, chifukwa nkhuku zikafa zambiri timafulumira kunena kuti ndi chitopa, chonsecho matenda awiriwa amafanana kwambiri moti amasiyanitsidwa ku labotale kokha.

Musalole abakha anu kusambira kumene kumatera a m'tchire, ndipo muwapatule ndi nkhuku. Mbalame zikafa mwadzidzidzi, musazigwire ndi manja, musazidye kapena kuzigulitsa, koma dziwitsani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, popeza mitundu ina ya kachilomboka, monga H5N1, imadwalitsanso anthu.