Funsani Azakhali: Kodi mafuta a chikasu angandichotse mabanga kumaso?

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni ndipo ndimaluka tsitsi mu saluni. Chibadwire mwana wachiwiri masaya anga anada, mabanga sakuchoka. Mnzanga wandigulitsa kabotolo ka mafuta a chikasu kolembedwa kuti turmeric essential oil, akuti ndizidzola m'mawa ndi madzulo. Ndangoyamba kumene koma kumaso kukuyabwa. Ndipitirize? Akutinso fungo lake limagonetsa tulo.

Mayi wa ku Rosettenville

Achemwali, siyani kaye lero lomwe. Sambani ndi madzi okha, dzolani Vaseline, khungu lipume sabata yathunthu. Kuyabwako khungu likudandaula, ndipo khungu lathu lakudali likapsa limasiya banga lina pamwamba pa lomwe mumafuna kuchotsa.

Mafuta amenewa si ofanana ndi chikasu chaufa chomwe timagula ku Fordsburg chothira mu ndiwo. Amatengedwa ku mizu yomweyo, koma amachita kuwatcheza ndi nthunzi, ndipo mizu yambiri imatulutsa mafuta ochepa zedi, n'chifukwa chake ndi aukali. Chimene anthu amachitama kwambiri mu chikasu ndi curcumin, yemwe amachipatsa mtundu wake uja, koma curcumin sakwera ndi nthunzi, amatsala m'mizu. M'kabotolo kanuko mwachuluka zina zotchedwa turmerone. Choncho zomwe mumamva za amwenye odzoza mkwatibwi chikasu ukwati usanachitike, zija ndi za ufa wosakaniza, osati za mafuta awa.

Khungu likachira, ngati mukufunabe kuyesa, musadzole okhaokha ayi. Thirani dontho limodzi mu supuni yaing'ono ya mafuta a marula, jojoba kapena a mpendadzuwa. Dontho limodzi basi, musaonjezere poganiza kuti zifulumira. Pakani pang'ono mkati mwa mkono, dikirani masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, ndiye kuti thupi lanu lawakana. Pakapanda vuto, dzolani usiku wokha, kutali ndi maso, ndipo pilo muvundikire ndi nsalu yakale poti mafuta ena amathimbiritsa nsalu. Kumwa musayerekeze. Abiseni poti ana sangafike.

Koma ndikuuzeni zoona: ine sindikukhulupirira kuti mafuta amenewa achotsa mabanga anuwo. Kuda masaya kobwera ndi mimba madokotala amakutcha melasma, ndipo chimene chimakulitsa mabangawo ndi dzuwa. Joni ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake limawotcha ngakhale mu Juni muja mwavala jekete. Ndalama yanu ipite ku mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, tsiku lililonse, ndi chipewa mukamapita kokwera takisi. Ena mabanga amazilala okha pakapita miyezi. Akakanika, pitani ku kiliniki akuoneni, alipo mankhwala ake olembedwa ndi dokotala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi komwe kabotoloko kachokera. Kodi kalembedwa dzina la amene anapanga ndi zomwe zili m'katimo? Ndaona atsikana athu akugula mafuta omwe munthu wangothira yekha m'mabotolo, owatcha a chikasu, n'kuyera m'masabata awiri. Chikasu sichiyeretsa munthu choncho. Zikatero dziwani kuti mwina athiramo mankhwala amphamvu oyeretsa khungu otchedwa steroid kapena hydroquinone, yemwe dziko la South Africa linamuletsa m'mafuta odzola mu 1990. Poyamba nkhope imasalala, kenako khungu limapyapyala, ziphuphu mbwee, ndipo ena amada kuposa kale mpaka kalekale. Inunso muli mu saluni, makasitomala amakumverani, choncho musawagulitse chinthu chopanda chikalata chake.

Za fungozo, ndi lotentherako, longa la jinja ndi dothi, ndipo ena amati limawakhazika mtima pansi akaweruka. Madontho awiri kapena atatu m'mbale ya madzi otentha akwana, kwa theka la ola, zenera lili lotsekula. Koma ngati mukugona chipinda chimodzi ndi khanda, kapena pali wodwala mphumu, lekani. Ngati mukuyamwitsa, musapake paliponse pomwe mwana angayamwe kapena kugwira.

Azakhali