Liwu lakuti "comport": khalidwe kapena kugwirizana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale ina ku Dedza. Anati m'kalata ya umboni imene anawalembera ahedi a sukulu yomwe ankaphunzitsako kale muli chiganizo chakuti "She comported herself with dignity." Mnzawo anawauza kuti mawuwo akunena za khalidwe, iwo n'kukhutira. Patangopita masiku ochepa, akuwerenga pa intaneti nkhani ya mlandu wina wa ku America, anakumana ndi "his account does not comport with the evidence," ndipo apa za khalidwe sizinkamveka ngakhale pang'ono. Ndiye akufunsa ngati ndi liwu limodzi lomweli, komanso ngati angalilembe m'kalata yofunsira ntchito.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndi liwu limodzi ndithu, koma limagwira ntchito ziwiri, ndipo chimene chingakuuzeni ntchito imene likugwira ndi liwu lobwera pambuyo pake.

Pakabwera myself, yourself, himself, herself kapena themselves, nkhani ndi ya khalidwe. Kwa ife olankhula Chichewa izi si zachilendo, chifukwa tili ndi kachidutswa kathu ka -dzi- kamene timati kudzisunga, kudzigwira, kudzilemekeza. Wochita ndi wochitiridwa ndi munthu mmodzi yemweyo. Ahedi anu ankanena kuti munkadzilemekeza, munkaoneka waulemu wake pamaso pa ana ndi aphunzitsi anzanu. Si khalidwe lililonse ayi. Mwana akamasewera m'matope sitinena za comport. Liwuli limakonda malo amene maso a anthu ali pa inu ndipo zinthu n'zolemera: namfedwa amene akulandira anthu pasiwa mtima uli zii, mboni imene ikupanikizidwa ndi mafunso m'khoti koma osapsa mtima, nkhoswe imene yanyozedwa pabwalo n'kuyankha mofatsa. Komanso limafuna mutchule mmene munthuyo anachitira, monga well, badly kapena with dignity. Mwana wa m'kalasi mwanu mungamuuze kuti "Behave yourself!" n'kuthera pomwepo, koma "Comport yourself!" palokha limamveka ngati chiganizo chimene chadukira panjira.

Pakabwera with mwachindunji, popanda herself kapena himself pakati, tanthauzo ndi kugwirizana. Mu nkhani ya mlandu ija, wolemba akuti zimene munthuyo anafotokoza sizikugwirizana ndi umboni umene ulipo.

Apa ndi pamene ndikuganiza kuti panakusokonezani, ndipo pamasokoneza ambiri: m'ziganizo zanu zonse ziwiri muli with. Koma taonani bwino. M'chiganizo cha ahedi, herself wakhala pakati, ndipo "with dignity" akungofotokoza mmene munkachitira, ngati mmene ife timanenera kuti mwaulemu kapena modekha. M'chiganizo cha mlandu, with wamatirira ku comport ndipo akulumikiza zinthu ziwiri zimene zikuyerekezedwa, mawu a munthu mbali iyi, umboni mbali inayo. Mukaona liwuli, yambani mwafunafuna liwu lothera ndi -self kapena -selves. Likapezeka, nkhani ndi ya khalidwe, with akhalepo kapena asakhalepo.

Chichewa chathu chingatipusitse pa tanthauzo lachiwirili. Ife timati "ndikugwirizana nanu" komanso "nkhani yake sikugwirizana ndi umboni," mneni mmodzi yemweyo. Pachingerezi, comport with ndi wa zinthu: mfundo, malamulo, zonena, zochita. Anthu awiri akamvana pamsonkhano amati agree. Musadzalembe "I comport with you." Musalisokonezenso ndi comply with, amene ndi kumvera lamulo. Munthu akachita comply ndiye kuti wamvera, pakuti akhoza kusankha kumvera kapena kukana. Koma chigamulo cha komiti chikakhala kuti "does not comport with the rules," palibe amene akunenedwa kuti wakana kumvera, kungoti mukaika ziwirizo pamodzi sizikukwanirana.

Nanga matanthauzo otalikirana chonchi anakumana bwanji m'liwu limodzi? Gwero lake ndi Chilatini, comportare, kuchokera ku com-, kutanthauza pamodzi, ndi portare, kunyamula. Portare yemweyu ndi amene ali mu transport, import ndi export, choncho tikamati thiransipoti timakhala tikutchula mbale wake wa comport. Linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Ine chimandithandiza n'kuganiza za mayi amene wasenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo, khosi lili chilili, madzi osatayika: khalidwe ndi mmene munthu wadzinyamulira. Ndipo zinthu ziwiri zikanyamulika pamodzi popanda china kugwetsa chinzake, ndiye kuti zagwirizana.

Abale athu a ku Angónia ndi Tete, amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, sangavutike ndi tanthauzo loyambali. Kwa iwo comportamento ndi liwu wamba la khalidwe, ndipo comportar-se ndi kudzisunga, se akugwira ntchito ya -dzi- wathu uja. M'Chifalansa namonso se comporter ndi liwu la tsiku ndi tsiku. M'Chingerezi mokha ndi mmene linasanduka liwu la m'makalata ndi m'makhoti, pamene behave anatenga malo a pakhomo ndi pamsewu.

Sindikudabwa kuti tanthauzo lachiwirili munalipeza mu nkhani ya ku America, chifukwa oweruza ndi maloya a kumeneko amalikonda kwambiri. Mu 1985, pa mlandu wa kampani ya zakudya ya Burger King ndi bambo wina dzina lake Rudzewicz, khoti lalikulu la dzikolo linkaunika ngati kuzenga munthu mlandu m'chigawo chimene sakhalamo kungathe "comport with fair play and substantial justice," ndiko kuti ngati kukugwirizana ndi chilungamo. Ndipo n'lakale kumeneko. Mu Malichi 1775 ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, wandale wina dzina lake Patrick Henry analankhula zolimbikitsa anthu a ku Virginia kukonzekera nkhondo ndi Britain. Malinga ndi mmene zolankhulazo zinalembedwera patapita zaka zambiri, anawauza kuti adzifunse mmene kulandiridwa mokoma kwa dandaulo lawo "comports with those warlike preparations," kutanthauza kuti mawu okoma a ku London ankagwirizana bwanji ndi asilikali ndi zombo zankhondo zimene ankaziona ndi maso. Mwezi wotsatira nkhondo inayambadi ku Lexington ndi Concord.

Polankhula, mphamvu muziika kumapeto, com-PORT. Mukaika koyambirira, omvera adzamva ngati mukuti comfort, ndipo nkhani idzapita kwina.

Tsopano za kalata yanu yofunsira ntchito. Ine ndikuti musalilembe. Sikuti Chingerezi chake chingalakwike, "I comport myself professionally" ndi chiganizo cholondola. Vuto n'lakuti limeneli ndi liwu la woonerera, la munthu amene anakuonani pa nthawi yovuta n'kukuchitirani umboni. Likatuluka m'kamwa mwa mwiniwake limamveka ngati kudzitama, ndipo wowerenga kalatayo saphunzirapo kanthu za inu. Sindikuti muchite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani zimene munachita: makalasi amene munaphunzitsa, zaka zimene mwagwira ntchito, mmene ana anu anakhozera mayeso a MSCE, udindo umene munapatsidwa pasukulupo. Mukafunitsitsa kutchula za khalidwe, "I conduct myself" ndi wopepukirapo ndipo aliyense amamumva. Kalata ya ahedi ija ichititseni fotokope muiphatike kumbuyo kwa yanu, chiganizo chija achiwerenge chili ndi siginecha ndi chidindo cha amene anachilemba.