Akuti mumayenda ngati kamba: kwa achemwali opita ku Chilumba pa Khirisimasi

Kalata inafika Lachiwiri usiku ndipo ndaiwerenga katatu. Achemwali ena a ku Blantyre, amene dzina lawo ndilisunga, anagula galimoto yawo yoyamba chaka chino, ya otomatiki, ndipo pa Khirisimasi akufuna kuyendetsa okha mpaka kwawo ku Chilumba, ana awiri ali kumbuyo. Akufunsa mmene angayendetsere pamvula ndi m'mapiri. Koma chimene chandikhudza ndi mzere wakumapeto. Akuti alamu awo, amene adzakwere nawo, amakonda kuwanena kuti amayenda ngati kamba, ndiye iwo amachita manyazi n'kuponda moto.

Achemwali, za mvula ndifikako. Mundilole ndiyambe ndi manyaziwo, chifukwa ine anatsala pang'ono kundipha.

Ndinali ndi miyezi isanu chitengereni laisensi pamene amalume anandituma kukasiya matumba a simenti ndi malata ku Nchalo pa pikapu yawo. Ndinatengana ndi munthu wina wamkulu kwa ine, amene anayendetsapo malole zaka zambiri, ndipo chilichonse chimene ankanena ine ndinkangoti inde. Amene anayendapo msewu wa ku Chikwawa akudziwa mmene ulili. Ukangotuluka mu Blantyre umayamba kutsetsereka, kukhota uku ndi uku, mpaka kukafika pa Thabwa ndi pa mlatho wa Shire utatsika mamita pafupifupi 900. Titayamba kutsetsereka ndinaika giya yachiwiri monga anandiphunzitsira kusukulu yoyendetsa galimoto. Injini inayamba kulira. Mkuluyo anaseka n'kunena kuti, "Aphwanga, mukuwononga mafuta a amalume anu. Ikani fili, galimoto itsika yokha. Za kusukuluzo n'zokhozera mayeso basi."

Ndinaika fili, kutanthauza kuti ndinaichotsa galimoto mu giya. Mumtima ndinkadziwa kuti n'zolakwika, koma sindinafune kuoneka mwana pamaso pake.

Makona angapo oyamba zinayenda bwino. Phazi langa linali pa buleki osachoka. Kenako ndinamva fungo ngati la waya wopsa, ndipo pa kona yotsatira nditaponda, buleki inangolowa pansi ngati ndaponda phala. Ndinapopa, inagwira pang'ono, n'kuthawanso. Mbali ina kunali phompho, mbali ina khoma la phiri, ndipo patsogolo pathu panali bambo akukankha njinga ya makala. Giya inakana kulowa chifukwa liwiro linali litakwera kale. Chimene ndinachita, osati mwanzeru koma mwamantha, ndi kukhotetsera galimoto ku khoma la phirilo n'kuilola ikhulike ku miyala mpaka inaima. Bambo wa makala uja tinamuphonya ndi malo osakwana mkono. Anaima n'kutiyang'ana, osanena kanthu, kenako n'kupitiriza ulendo wake. Nkhope yake ndimaikumbukabe mpaka lero, ndipo papita zaka zambiri.

Makaniko amene anabwera kudzatikoka ndi amene anandifotokozera. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ukaiponda mosalekeza pamtsetse wautali, makamaka utanyamula katundu, zitsulo zimatentha mpaka mapadi amasiya kuluma, ndipo mafuta a buleki amawira. Mafuta amenewa akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndiye sachedwa kuwira, ndipo akawira m'mapaipi mumakhala nthunzi. Nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake phazi limangolowa. Injini ikakhala mu giya yotsika imagwira galimoto yokha, buleki n'kumapuma. Ndipo zoti fili imapulumutsa mafuta, pa galimoto za masiku ano n'zabodza. Ikakhala mu giya iwe utachotsa phazi pa moto, kompyuta ya injini imadula yokha mafuta. Mu fili ndi mmene imamwa kuti injini isazime.

Mkulu uja sanapepese. Anati mabuleki a amalume anali otha kale.

Ndiye mukandiuza za alamu anuwo mtima wanga umawawa. Pamsewu wathu pali matenda amene sitiwatchula. Timayesa luso la dalaivala ndi maola. Munthu akafika amayamba n'kudzitama kuti Lilongwe–Blantyre waidya maola atatu okha, anthu n'kumamutamanda. Amene wayenda maola asanu, ana ali mtulo kumbuyo osadzidzimuka ngakhale kamodzi, palibe amamuyamikira. Ndipo akakhala mayi ndiye zimanyanya: hutala kumbuyo, mawu achipongwe kuchokera pawindo la minibasi, achibale m'galimoto momwemo kumalangiza. Ine ndafika poti sindinyengereranso pa nkhaniyi. Wokwera amene akufulumizitsa dalaivala ndi woopsa kuposa dzenje la pamsewu, chifukwa dzenje umaliona n'kulipewa, koma iye wakhala pambali pako ulendo wonse. Chiwongolero chili m'manja mwanu, ana ndi anu, ndipo tsiku la ngozi apolisi sadzafunsa kuti ndani anati fulumirani.

Komanso tiiwale zoti M1 ndi msewu wa galimoto zokha. Ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ndi njira ya kuchigayo ndi kumaliro. Mukafika pa Lizulu tsiku la msika muona kabichi, mbatatesi ndi tomato zitayalidwa mpaka m'mphepete mwa phula, anyamata akuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro. Pa mphambano ya Tsangano chimodzimodzi, pa Mponela, pa Jenda. Akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, ngolo za ng'ombe, mbuzi, mwana wa sitandade 2 amene wangoona mayi ake kutsidya. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Musanasunthe n'komwe phazi kuchoka pa moto kupita pa buleki, mwadutsa kale nyumba ziwiri. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Amene akukunenani kuti kamba ameneyu muwafunse ngati masamu amenewa akuwadziwa.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali china chimene chimandidetsa nkhawa ndi galimoto zimene timaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Zambiri zimafika ndi matayala a nyengo yachisanu cha kumeneko. Maonekedwe ake amanyenga, mizere yakuya, ngati atsopano. Koma labala yake ndi yofewa, inapangidwira madzi oundana, ndipo pa phula lathu lotentha imatha msanga n'kumachedwa kuima. Ena timagula matayala a kaunjika osayang'ana zaka zake. Pambali pa tayala pali manambala anayi, nthawi zambiri kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo zoti DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Likalembedwa 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016, ndipo ngakhale lioneke bwino labala yake yakalamba. M'kati mwa mizere mulinso timizere topingasa tosonyeza pamene kuya kwatsala mamilimita 1.6. Tayala likafanana ndi timeneti latha, ndipo pa ulendo wa mvula ine sindidikira n'komwe kuti lifike pamenepo. Anthu timalolera kugula wailesi yabwino ya m'galimoto kusiyana ndi matayala anayi, pamene chimene chimakhudza pansi ndi matayala okhawo, malo aakulu ngati chikhatho pa lililonse.

Za mvula

Mizere ya tayala ntchito yake n'kukankhira madzi kumbali. Madzi akachuluka ndipo inu mukuthamanga, tayala limalephera kuwachotsa ndipo limakwera pamwamba pa madziwo. Chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi ngati chaduka. Zikatero musaponde buleki mwamphamvu, musakhotetse, ingochotsani phazi pa moto pang'onopang'ono mutagwira chiwongolero molunjika, matayala abwerera okha pansi. Mvula yoyamba ikagwa patapita masiku kuli dzuwa ndi imene imaterera kwambiri, chifukwa fumbi ndi mafuta otayikira pa phula zimasanduka ngati therere. Yatsani nyali ngakhale masana kuti akuoneni. Mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, umene kukakhala kouma uzikhala masekondi atatu, pamvula uwirikizeni kawiri. Chithaphwi chilichonse muzichiyesa dzenje, pakuti nthawi ya dzinja zambiri zimakhaladi maenje. Ikafika poti mawaipa akulephera, tulukani mumsewu kwathunthu pamalo otakasuka, yatsani mahazadi, dikirani. Mvula yamkuntho sichedwa kudutsa.

Madzi oyenda amene adutsa pamwamba pa msewu kapena mlatho musawoloke. Apa sindikambirana ndi munthu. Madzi othamanga ofika masentimita 30 okha amatha kunyamula galimoto yaing'ono, ndipo simudziwa ngati pansi pake msewu ulipobe. Tonse tinaona mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho kuchigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Ngakhale minibasi yakutsogolo iwoloke, inu dikirani aphwe.

Chifunga mudzakumana nacho mwina kawiri, cha ku Bembeke ndi Dedza, kenako m'nkhalango ya Chikangawa musanafike ku Mzuzu. Cha ku Chikangawa ndi chimene ndimachiopa. Ndinadutsamo mbandakucha wina tikuchokera kumaliro, ndipo sindinkaona ngakhale mamita khumi. Mtima umakuuza kuti uyatse nyali zazikulu, koma kuwalako kumangogunda chifungacho n'kubwerera m'maso mwako. Nyali za dimu ndi zimene zimathandiza. Tsikulo ndinayenda liwiro la njinga, windo nditatsitsa kuti ndizimva kulira kwa malole a matabwa, maso ali ku mphepete ya kumanzere. Kutsogolo ndinaona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu, ndipo nditangodutsa yachitatu ndinapeza lole yakufa itaima pakati pa mbali yanga, yopanda nyali ngakhale imodzi. Nthambi zimenezi muziziopa, achemwali. Kwathu kuno ndiye chizindikiro chimene madalaivala ambiri amaika galimoto ikawafera, ndipo nthawi zina amaziika pafupi kwambiri ndi galimotoyo. Paja nthambi zimaikidwanso pamsewu posonyeza maliro, ndiye kulikonse kumene mwaziona, chepetsani liwiro.

N'chifukwa chake usiku ine ndinasiya kuyenda maulendo ataliatali. Njinga zopanda magetsi, anthu ovala zakuda akuyenda m'mphepete mwa phula lodyeka, galimoto ya diso limodzi imene umaiyesa njinga yamoto, ndi anzathu okana kuchepetsa nyali zawo. Akakuthobwani m'maso musabwezere, yang'anani kumanzere kwa msewu n'kuchepetsa liwiro. Nthawi ya zikondwerero onjezanipo oledzera, oyendetsa ndi oyenda pansi omwe.

Tsopano Chiweta. Mukadutsa Phwezi msewu umakafika pamwamba pamene nyanja imaonekera pansi, yokongola moti munthu umafuna kuiyang'anitsitsa. Musayang'ane, auzeni ana ayang'ane. Mtsetse wake ndi wautali, makona ndi akuthwa, ndipo mumakumana ndi matankala a mafuta ndi malole olemera amene pokhota amadya mbali yanu. Galimoto yanu ndi ya otomatiki, koma pa ndodo ya giya pansi pa D pali 2 ndi L, kapena S, kapena B, malinga ndi mtundu wake. Musanayambe kutsetsereka, liwiro likadali lochepa, chotsani pa D muike pamenepo. Injini idzalira, musaope, ikugwira ntchito yake. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono musanafike pa kona, kenako n'kuisiya ipume, osati kuigoneka phazi njira yonse. Mukamva fungo lopsa imani pamalo abwino mudikire izizire. Musapitirire lole pa kona ngakhale dalaivala wake akukodoleni ndi dzanja. Ndipo pa N, pamene ndi pa fili paja, musaikepo, anene ndani.

Ngati kumudziko mudzasiye phula n'kulowa msewu wadothi, pamatope yendani ndi giya yotsika, moto wofanana, osaima pakati. Matayala akayamba kuzungulira pamodzimodzi musawonjezere moto, mudzangodzikumbira. Galimoto yanu ngati ili ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kukhulika mukaponda buleki mwamphamvu, tsiku lina mukadzaponda buleki mwadzidzidzi idzanjenjemera pansi pa phazi. Musachotse phazi, ndi mmene imagwirira. Mukayesere pamsewu wopanda anthu sabata ino kuti mudzaizolowere.

Ulendo wanu ukuposa makilomita 800, ndipo kwa munthu amene akuyenda koyamba si wa tsiku limodzi. Ugaweni pawiri. Nyamukani kukangocha, mugone ku Lilongwe kapena ku Kasungu, kuti Chikangawa mudzadutse dzuwa litakwera ndipo Chiweta mudzatsike kukuwala. Maola awiri alionse imani mutambasule miyendo. Kutatsala sabata pitani kwa makaniko aone mapadi, mafuta a buleki, mawaipa, nyali zonse ndi tayala lapadera, ndipo jeke ndi matrayango zikhalemo. Ana akhale kumbuyo atamanga malamba, wamng'onoyo osati pamiyendo pa munthu. Foni muipereke kwa alamuwo aziyankha ndi iwo.

Ndipo alamuwo mulankhule nawo musananyamuke, pakhomo, osati pa Zalewa mitima itatentha kale. Mwaulemu ndithu: "Alamu, ine ndiyenda masiku awiri ndipo liwiro ndisankha ndine. Ngati muli ndi changu, mabasi a ku Karonga alipo, ndikulipirirani." Akavomera kukwera nanu, ndiye kuti avomeranso zimenezo. Mukakafika ku Chilumba mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti pa Chiweta munatsika ndi giya iti.