Zakudya za mumsewu ku India: yambani ndi za pamoto, pani puri adikire kaye

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, namwino, amene akupita ku India koyamba kukachita maphunziro a milungu ingapo. Akakhala ku Delhi, kenako akadutsa ku Mumbai ndi ku Chennai. Akuti anzake a kuntchito amuopseza kuti asakayerekeze kulawa chilichonse cha mumsewu, angonyamula ufa ndi usipa basi. Funso lake n'lakuti: "Kodi n'zoona kuti ndikangolawa ndidwala? Ngati si zoona, ndikayambe ndi chiyani?"

Achemwali, ufawo nyamulani ndithu, tsiku lina mtima udzafuna nsima. Koma anzanuwo akokomeza. Chimene chimatsegula alendo m'mimba kumeneko nthawi zambiri si tsabola ayi. Ndi madzi osawiritsa, ndi zonse zimene madziwo akhudza: ayezi, timsuzi tozizira, zipatso zosendasenda kale, anyezi ndi masamba osaphika. Inu ndinu a chipatala, izi mukuzidziwa kuposa ine. Ndiye masiku oyamba muzidya chimene chachoka pamoto inu mukuona, ndipo muzigula pamene anthu achita kuunjikana. Mukaona azimayi ndi ana asukulu ali pamzere, imani pomwepo, chifukwa pamenepo chakudya sichikhalitsa.

Ku Delhi yambani ndi samusa, poti mukumudziwa kale. Koma wa kumeneko ndi wamkulu, chikopa chake n'chokhuthala, ndipo m'kati mulibe nyama: muli mbatata ya kachewere yopotedwa ndi zokometsera. Pambali pake mupeza pakora, amene kunena zoona ndi zigege zathu zomwe zija, kungoti iwo amaviika mu ufa wa tchana, ndipo amakazinga chilichonse, anyezi, sipinachi, mabiringanya, ngakhale tsabola wathunthu. Mukazolowera, funsani aloo tikki. Ndi kachewere wophwanya, woumbidwa mophwatalala, amene amamuwotcha pachiwaya chachikulu mpaka kunja kuchite khirichikhirichi. Amathirapo tchana wotentha, yogati ndi msuzi wa bwemba. Tsiku loyamba auzeni angothirapo tchana yekha.

Malo oti musalephere kufika ndi Chandni Chowk, ku Old Delhi. Sitima ya metro imakusiyani pomwepo, ndipo kukwera metro kuli bwino kusiyana ndi kulimbana ndi magalimoto a kumeneko. Kuli kanjira kopapatiza kotchedwa Paranthe Wali Gali kumene masitolo ena akhala akukazinga paratha kuyambira zaka za m'ma 1870. Paratha ndi chapati chonona choikamo zinthu m'kati. Ineyo ndimaona kuti mbiri yake yaposa kukoma kwake, mafuta amachuluka, komabe kukhala pabenchi lopanikizana lija n'kumaona mzinda wonse ukudutsa pakhomo n'kosangalatsa pakokha. Chimene sindingakuuzeni kuti mulumphe ndi jalebi wotentha: ufa wamadzimadzi amaufinyira m'mafuta mozunguliza, ukapsa n'kuuviika m'madzi a shuga. Akazizira n'chinthu china, n'zomata m'mano chabe. Mudikire amene akuvuulidwa kumene.

Ku Mumbai nkhani ndi vada pav, ndipo ndikanati ndikusankhireni chakudya chimodzi chokha cha ulendo wonsewu, ndikanasankha chimenechi. Amaumba kampira ka kachewere wosakaniza ndi adyo, tsabola ndi njere za mpiru, n'kukaviika mu ufa wa tchana, n'kukakazinga. Kenako amang'amba kabanzi kofewa, kupakamo tsabola wouma wa adyo, n'kukafinyiramo kampira kaja. Basi. Anthu ambiri amati chinayambira pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Dadar m'zaka za m'ma 1960, pamene dera limenelo linali lodzaza ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, ofuna chakudya chotchipa chodyera m'manja akuthamangira sitima. Mpaka lero pakhomo pa siteshoni iliyonse mupeza wogulitsa. Amakupatsaninso tsabola wobiriwira wokazinga pambali. Ameneyo ndi wa eni dziko, inu lumani kansonga kokha muone kaye.

Madzulo pitani kugombe la Girgaon Chowpatty kapena la Juhu mukadye pav bhaji: ndiwo zamasamba, kachewere ndi tomato zophwanyira pamodzi pachiwaya, batala wambiri, ndi mabanzi owotcha. N'chotentha, n'chokhutitsa, ndipo chimakwanira ngati chakudya chamadzulo. Pomwepo mudzaona anthu akudya bhel puri, mpunga wothetheka wosakaniza ndi anyezi, tomato ndi bwemba. Ndi wokoma, koma muli zosaphika, ndiye ameneyo ndi wa sabata yachiwiri.

Chennai ndi dziko lina. Chilankhulo ndi Chitamil, Chihindi sichikuthandizani kwenikweni, ndipo chakudya chake n'cha mpunga. Mimba ikakhala kuti yatopa, kuno ndiye kopumulira. M'mawa funsani idli: timikate toyera, tofewa, ta ufa wa mpunga ndi mphodza zakuda umene wagonera usiku kuti usase, ndipo amatiphika ndi nthunzi popanda dontho la mafuta. Ngakhale odwala amawapatsa idli. Ufa womwewo akaupaka mopyapyala pachiwaya umakhala dosa, ndipo akaikamo kachewere ndiye masala dosa. Zonsezi zimabwera ndi msuzi wotentha wotchedwa sambar, ndipo mukaulawa mudzamva kanthu kena kodziwika. Ndi nandolo. Kumeneko amamutcha toor dal, amamuchotsa makoko n'kumugawa pakati, ndipo amamudya kwambiri moti amene amalima okha sawakwanira. M'chaka cha 2021 India inasainirana pangano ndi Malawi loti izigula matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu. Ndiye n'kutheka ndithu kuti nandolo wa m'mbale yanuyo anakololedwa ku Phalombe kapena kwanu konko ku Zomba. Pambali amaikanso msuzi woyera wa kokonati. Umenewo saphika, ndipo kukatentha suchedwa kusasa, choncho muziudya m'mawa mokha.

Tsopano pani puri, amene ku Delhi amati golgappa. Aliyense adzakuuzani kuti mulawe, ndipo sakulakwa. Ndi timipira touma ta ufa, topanda kanthu m'kati. Wogulitsa amaboola kamodzi ndi chala, kuikamo kachewere kapena tchana, n'kukamiza mumtsuko wa madzi ozizira a bwemba, timbewu tonunkhira ndi tsabola. Amakuikirani m'kambale kanu, inu n'kuponya konse m'kamwa nthawi imodzi. Mukati mulume theka, madzi onse athera pamalaya. Kakaphulika m'kamwa, kuwawasa, kutsekemera, kuwawa ndi kuzizira zimafika pamodzi, ndipo musanameze wogulitsa uja wakonza kale kena. Amapitiriza choncho mpaka asanu kapena asanu ndi mmodzi, inu muli chiimire pakati pa anthu osawadziwa, aliyense atatambasula kambale kake. Palibe chakudya china chimene chimadyedwa motero.

Koma taonani bwino mmene ndafotokozeramo: madzi osawiritsa, ndi dzanja lolowa mumtsuko. N'chifukwa chake ndikuti adikire. Papite sabata kapena kuposerapo, ndipo ulendo woyamba mukamudyere m'sitolo yokhazikika ngati Haldiram's, kapena pamene alemba kuti amagwiritsa ntchito madzi a m'botolo. Ngati ulendo wanu wagwera m'nyengo ya mvula, imene ku Delhi ndi ku Mumbai ndi kuyambira June mpaka September, pamene ku Chennai ndi October mpaka December, wa mumsewu musiyeni ndithu. Nthawi imeneyo madzi a m'ngalande amalowa paliponse, ndipo eni dziko ambiri nawonso amayamba aleka.

Zakumwa sizivuta. Chai, tiyi wamkaka wowiritsira pamodzi ndi shuga ndi jinja, imwani paliponse pamene akubwata, ndipo malo ena amathira m'kakapu kadothi kotaya mukamaliza. Ku Chennai m'malo mwake mumwe khofi wawo wamkaka. Madzi a kokonati yemwe amutema inu muli pompo ndi abwino. Lassi, yogati wakumwa, auzeni asaikemo ayezi. Madzi a nzimbe amakopa pakatentha, koma makina ofinyira aja ndi matambula ake satsukidwa mokwanira. Botolo la madzi muziona ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo.

Za nyama musayembekezere zambiri. Zakudya zambiri za mumsewu zilibe nyama, ya ng'ombe m'madera ambiri simungaipeze chifukwa malamulo amaletsa kupha ng'ombe, ndipo akalemba kuti mutton nthawi zambiri ndi mbuzi. Mukaisowa, pitani madzulo kumisewu yozungulira mzikiti wa Jama Masjid ku Old Delhi, kumene amawotcha kebabu pamakala. Pa zakudya za m'mapaketi, kadontho kobiriwira kali m'kabokosi kakutanthauza kuti mulibe nyama.

Wogulitsa wamwamuna ku Delhi ndi ku Mumbai mumuitane kuti "bhaiya", ndiye kuti achimwene, ndipo mukafuna tsabola wochepa nenani "kam teekha". Adzavomera ndi mutu, koma kuchepa kwawo si kuchepa kwathu, ndiye muziyang'ana dzanja lake pamene akuthira. Akafuna kukukulungirani m'nyuzipepala pemphani mbale ya masamba kapena pepala loyera, poti bungwe lawo loona za zakudya la FSSAI linaletsa nyuzipepala chifukwa cha inki. Pa kalipiridwe, pafupifupi aliyense amalipira pafoni kudzera pa UPI, koma njira imeneyi imayenda bwino kwa amene ali ndi akaunti ya banki ya komweko. Inu sinthani ndalama mukhale ndi ma 10, 20, 50 ndi 100 rupee ambiri m'kachikwama. Vada pav ndi kapu ya chai pamodzi sizifika 100, ndipo mukatulutsa 500 m'mawa, wogulitsa adzazungulira anzake onse kusaka chenje.