Ureter ndi urethra: yankho kwa wophunzira wofuna unamwino

Wophunzira wina amene akulakalaka kudzakhala namwino wandifunsa chimene angachite kuti aleke kusokoneza ureter ndi urethra, njira ziwiri zimene mkodzo umadutsamo m'thupi, popeza mawu awiriwa amulepheretsa kangapo pa mayeso a Bayoloje. Langizo langa kwa inu ndi lakuti musayambe n'kuloweza mayina musanaumvetse ulendo wa mkodzowo.

Mkodzo umapangidwa kuchokera m'magazi. Impso iliyonse ili ndi tizosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo pa tsiku impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180. Ambiri mwa madziwa amabwereranso m'magazi pamodzi ndi shuga ndi mchere umene thupi likufuna, moti otsala n'kukhala mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri basi.

Ukachoka mu impso, mkodzo umalowa mu ureter, kachubu kotalika masentimita 25 mpaka 30 kochokera ku impso iliyonse kupita ku chikhodzodzo. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amataya malikisi, chifukwa amalemba kuti mkodzo umangotsika wokha. Khoma la kachubuka lili ndi minofu imene imafinya motsatizana n'kumakankha mkodzo pang'onopang'ono, n'chifukwa chake chikhodzodzo chimadzazabe ngakhale munthu atagona usiku wonse. Mfundo ina imene ndimafuna kuti aliyense aigwiritsitse ndi yakuti ureter imalowa m'khoma la chikhodzodzo mopendekera, kotero kuti chikadzaza, khomalo limapana kachubuko ndipo mkodzo subwerera ku impso.

Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 500. Chikayamba kutamuka, mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo ndipo munthu amamva mkodzo. Potulukira pali minofu iwiri yotseka: wamkati umagwira ntchito pawokha, pamene wakunja timaulamulira tokha, ndipo ndi umene mwana wamng'ono amaphunzira kuugwira akamasiya kudzikodzera.

Urethra ndi njira yomaliza, yotulutsira mkodzo kunja. Kwa akazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene kwa amuna imafika pafupifupi 20, ndipo kufupikaku ndiko kumachititsa kuti tizilombo tizifika msanga m'chikhodzodzo cha mkazi. Mukadzayamba ntchito m'wodi, kachubu kothandiza wodwala amene akulephera kukodza mudzakalowetsa kudzera m'njira imeneyi.

Tsono tsekani buku, mutenge pensulo ndi pepala, mujambule impso ziwiri, ureter ziwiri, chikhodzodzo chimodzi ndi urethra imodzi, kenako muike mivi yosonyeza kumene mkodzo ukulowera uku mukufotokozera mnzanu mokweza mawu.