Udzudzu wa ku Liwonde musauderere

Achimwene, mwafunsa ngati mafuta othamangitsa udzudzu okha angakukwanireni pokagona m'tenti ku Liwonde mu Januwale muno. Ayi ndithu, sangakwane. Kumeneko mtsinje wa Shire uli pakhomo, ndipo dzinja lino zithaphwi zili ponseponse.

Udzudzu wa malungo, uja wa Anopheles, umayamba ntchito dzuwa likangolowa mpaka mbandakucha, ndipo umakonda akakolo ndi mapazi. Ndiye ikamati 5 koloko madzulo valani buluku lalitali, masokosi ndi malaya a manja aatali, makamaka oyera. Pakhungu potsala dzolani mafuta okhala ndi mankhwala othamangitsa udzudzu otchedwa DEET. Onani pa botolo, 20 kapena 30 peresenti ndi yabwino.

Koma chimene ndikukupemphani kwambiri ndi neti ya mankhwala. Ine ndinachezera kulumidwa usiku wonse chifukwa cha kabowo ka pa zipi ya tenti, kongolowa chala chimodzi. Tengani neti, muimangirire m'kati n'kuipisira kunsi kwa matiresi, ndipo pogona mkono usatsamire netiyo, udzudzu umaluma pomwepo. Koyilo muziyatsa panja pomwe mukucheza, osati m'tenti.

Mukabwerako thupi likatentha, ngakhale patapita milungu iwiri, chonde kayezetseni magazi tsiku lomwelo.